Funso: chimatseka tchanelo ya kashiamu mu mtima ndi chani, volteji kapena calmodulin?

Nambewe_pharm:
Akuluakulu ndithandizeniko, mayeso a physiology ali Lachinayi koma apa mutu waima. Mu manotsi athu akuti L-type calcium channel, ija ya Cav1.2 ya mu mnofu wa mtima, imatseguka volteji ya pa membrane ikasintha, zimenezo ndamva. Tsamba lotsatira akutinso kashiamu yemweyo amene walowa ndi amene amaitseka kudzera mwa calmodulin. Nde ngati ndi voltage-gated, calmodulin akudzatani pamenepo? Komanso amafika bwanji pa tchanelo msanga choncho pomwe zonsezi ndi za ma millisecond?

wa_mu_labu:
Chemwali, yankho lili pa funso lanu lachiwirilo. Calmodulin, puloteni yogwira kashiamu mkati mwa selo, sachita kuchokera kutali ayi, amakhala atamatirira kale pa tchanelopo kashiamu asanalowe n'komwe, kumchira wa mkati mwa selo, C-terminus, pa kachigawo kotchedwa IQ motif, ngati mlonda wogona pageti pomwepo. Volteji ikatsegula kashiamu amakhamukira mkati chifukwa kunja alipo pafupifupi 2 mM pomwe mkati selo ikamapuma ndi cha m'ma 100 nM basi, ndiye woyamba kukumana naye ndi calmodulin uja, akangomugwira amasintha kaimidwe ndi kagwiridwe kake pa mchira uja tchanelo n'kusiya kulowetsa. Kutsegula ndi kwa volteji. Kutseka kuli pawiri, kwa volteji kuliponso, koma mu mtima kofulumira ndi kwa kashiamuku.

Ine ndinazimvetsa tsiku lomwe ndinaona ma trace awiri a patch clamp, njira yoyezera magetsi odutsa pa tchanelo, ataikidwa pamodzi. Wa kashiamu mzere umatsika kenako n'kubwerera msangamsanga, wa barium, woikidwa m'malo mwa kashiamu, umatsika n'kumachita kukwawa pobwerera, chifukwa barium amadutsa bwinobwino pa tchanelo koma calmodulin samugwira kwenikweni. Zoti kashiamu amadzitsekera yekha khomo anaziona Paul Brehm ndi Roger Eckert mu 1978 pa Paramecium, koma zoti wogwira ntchitoyo ndi calmodulin zinadzatsimikizika mu 1999, limodzi mwa magulu ake linali la David Yue ku Johns Hopkins.

Nambewe_pharm:
Eee zikomo achimwene, za barium zandimasula. Nanga za N-lobe ndi C-lobe za calmodulin zija? Ndimangoloweza koma sizikulowa.

Chikondi_neuro:
Aise, ingojambula kachitsulo kamene anyamata a jimu amanyamula kaja, mpira uku mpira uku, mipirayo ndiyo ma lobe awiriwo. Puloteni yonse ndi ma amino acid 148 okha, mpira uliwonse uli ndi ma EF hand awiri, timalo togwirira kashiamu, nde onse pamodzi amagwira makashiamu 4. Chosangalatsa nchoti mipira iwiriyi simamva mofanana. C-lobe imagwira nkukakamira, imamva kashiamu wa pakamwa pa tchanelo yakeyo, pomwe N-lobe imagwira nkutaya msanga nde imadikira kuti kashiamu akwere mu selo monse kuchokera ku matchanelo ambiri.

Pa Cav1.2 C-lobe ndi yomwe imatseka mwachangu. Koma upite ku Cav2.1, P/Q-type ya kumapeto kwa mitsempha komwe kumatuluka neurotransmitter, C-lobe yomweyo imachititsa kuti tchanelo izitseguka mosavuta ulendo wotsatira, amati facilitation, yotseka kumeneko ndi N-lobe. Puloteni imodzimodzi ntchito zosiyana malinga ndi tchanelo yomwe yakhalapo, ine mpaka pano zimandigometsa. Pa mayeso usangolemba kuti calmodulin amatseka, utchule tchanelo yake.

Mayi_a_Tadala:
Mwana wanga, izi musazitenge ngati za mayeso okha. Kashiamu wolowera pa Cav1.2 ndi amene amagwira plateau ya action potential ya mtima, nthawi ija volteji ya selo imakhalabe pamwamba isanatsike, tchanelo ikachedwa kutseka plateau imatalika, ndipo pa pepala la ECG mudzaona T wave ili kutali ndi QRS, mpata wotchedwa QT watalika. Munthu ali ndi majini atatu, CALM1, CALM2 ndi CALM3, onse amapanga calmodulin yemweyo ndendende, koma kope imodzi yokha mwa 6 ikalakwika zimakwana kudwalitsa mwana, chifukwa calmodulin wolakwikayo amakamatirirabe pa IQ motif n'kutenga malo koma kashiamu sakumugwira bwino, ndiye tchanelo imeneyo siitseka pa nthawi yake. Malipoti oyamba a matendawa anatuluka mu 2012 ndi 2013, ena anali makanda omwe mtima unaima asanakwanitse n'chaka chomwe.

Ndipo poti muli ku pharmacy, musasakanize ndi amlodipine ndi nifedipine timapereka kwa a BP tsiku ndi tsiku uja. Amenewo amamata pa tchanelo penipenipo, malo ena, sadzera mwa calmodulin ayi.

Nambewe_pharm:
Zikomo mayi, ndithu ndikanasakaniza pamenepo. Usiku uno ndijambula ma trace awiri aja ndi plateau pansi pake.