Amayi apezeka ndi ma antibody a korona, nditani abale?

Membala wobisa dzina: Admin ndibisireni dzina chonde. Kunabwera anthu akafukufuku kumudzi kwathu, anawatenga magazi amayi anga akuti akufuna aone kuti korona inafala bwanji m'deramo. Ndiye dzulo mlamu wanga wandiflasha, munthu ameneyu ntchito kuflasha basi mayunitsi azikhala anga, akuti pepala labwera amayi apezeka ndi ma antibody. Mlamu yemweyu ndi amene anawasainitsa ine osandiuza, chonsecho ya feteleza ndimatumiza ndine, mankhwala a BP ndine, achimwene ali phee ku Joni chaka chachitatu. Panopa amayi akugona kukhitchini okha, adzukulu awaletsa kuyandikira. Ine kuno landilodi ali pakhosi, thiransipoti yakumudzi nayo simukuidziwa inu. Kodi amayi akudwala korona? Sakutsokomola, angoti mawondo.

Mkulu wa ku Ndirande: Magazi a mayi anu mumangopereka kwa aliyense wabwera pa galimoto yoyera? Ine aja anabwera kwathu ndinawauza kuti ayambe atenga a agogo awo. Mwaiwala 2017 ku Mulanje?

Namwino wopuma: Achimwene, za anamapopa zija zinaphetsa anthu osalakwa, musazibweretse pano. Mwanawe, ma antibody ndi asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi kachilombo. Amayamba kuoneka patatha sabata imodzi mpaka zitatu, ndipo amakhala miyezi. Ndi phazi la fisi pa matope, fisiyo anadutsa kale. Kuyeza ngati munthu ali ndi kachilombo lero ndi kuja kopisa kamtengo m'mphuno. Achotseni amayi kukhitchini. Koma kodi anabaitsa katemera?

Mkulu wa ku Ndirande: Amayi anamwino, ine sindinanene kuti ndi anamapopa, ndangokumbutsa. Funso langa ndi loti ngati munthu sakudwala magazi akewo ndi a chani? Ma alawansi basi. Anthu agone ku lodge, ife tizibooledwa.

Make mapasa: Ine nkhani ya mlamuyo yandigwira. Wanga anagulitsa mbuzi za amayi ziwiri nkumati zafa ndi chigodola. Musamutumizirenso ndalama, tumizani kwa amayi pa foni yawo.

Mnyamata wa masamu: Abwana a ku Ndirande, magaziwo ndi owerengera. Ambiri amene anatenga korona sanapite kuchipatala, ena anangoti ndi chimfine, ena sanamve kalikonse, ndiye chiwerengero cha boma chinali cha oyezedwa okha, sichinafike ndi 100,000 komwe dziko lonse. Koma atayeza magazi amene anthu anapereka ku Malawi Blood Transfusion Service anapeza kuti mu October 2020 anthu pafupifupi 18 pa 100 aliwonse anali ndi ma antibody, pofika May 2021 anali pafupifupi 65 pa 100. Pakati pakepo ndi pamene panali funde lija la January 2021 limene linatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Popanda kuyeza anthu ooneka athanzi simungadziwe zimenezo.

Mkulu wa ku Ndirande: 65 pa 100? Ndiye maliro ake ali kuti? Ine ndimakwera minibasi tsiku lililonse tili anayi pa mpando sindinadwalepo. Tsabola, adyo ndi ndimu basi.

Mnyamata wa masamu: Mwina inuyo muli mu 65 momwemo bwana 😂

Mphunzitsi wa ku Dedza: Iwe mnyamata usamanene 65 ngati ndi Amalawi onse. Opereka magazi ambiri ndi achinyamata, ana asukulu, anthu am'tauni. Agogo akumudzi sapereka magazi. Nchifukwa chake ena amayenda khomo ndi khomo ngati anachitira kwa mayi awawa, kuti chithunzi chikhale cha onse. Komanso zoyezerazo zimaphonya. Tinene kuti chida chimanamizira anthu 2 pa 100 aliwonse, ukayeza anthu 100 m'mudzi umene kachilombo sikanafikeko upezabe awiri, ndiye akatswiri amachotsera zimenezo powerengera. Kwa munthu mmodzi pepala limenelo silinena zambiri.

Mkulu wa ku Ndirande: Mwamva? Aphunzitsi avomereza kuti makina ake ndi abodza. Ndanena ine.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Sindinatero bambo. Sikelo ya pa msika imaphonya koma simugula nyama poyeza ndi maso.

Wa ku Joni: Bwanji mukunyoza achimwene anu pagulu? Mukudziwa mmene tikuvutikira kuno? Ine nthawi ya lockdown ndinatha miyezi inayi osagwira ntchito, kwathu ankangoti watiiwala.

Mlongo mwa Ambuye: Mawondowo musawapeputse, amayi anga anayamba choncho. Tiwapempherere.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mlamu uja ndamuimbira akuti pepalalo alisunga achimwene ake ena, onani zimenezo. Ndipo ndamva kuti anapatsidwa sopo ndi akafukufukuwo amayi sanamuone nkomwe.

Namwino wopuma: Mwanawe sunandiyankhe. Katemera anabaitsa? Chifukwa katemera amene tinayamba kulandira mu March 2021 uja nayenso amapangitsa ma antibody. Zoyezera zina zimaona asilikali olimbana ndi timinga takunja kwa kachilombo, amenewo amabwera ndi katemera kapena matenda, zina zimaona olimbana ndi zam'kati mwake, amene katemera wa AstraZeneca kapena wa Johnson & Johnson sapangitsa. Ndipo magaziwo anatenga liti? Pa fomu imene anasaina pamakhala nambala ya akafukufuku, imba ufunse.

Mnyamata wa masamu: Komanso musati poti ali ndi ma antibody ndiye sangadwalenso. Ku Manaus ku Brazil kafukufuku anati anthu 76 pa 100 anali atadwala kale pofika October 2020, koma January 2021 zipatala zinadzaza mpaka oxygen kutha.

Mkulu wa ku Ndirande: Ndiye phindu lake nchani? Ukhale nawo udwala, usakhale nawo udwala. Sopo mmodzi kusinthanitsa ndi magazi. Admin pinani komenti yangayi anthu aphunzire.

Make mapasa: Sopoyo anali wamtundu wanji? Ngati ndi wochapira wamkulu uja mlamuyo abweze.

Membala wobisa dzina: Za katemera ndifunsa mawa, foni ya amayi ili kotchajitsa ku trading. Koma pakadali pano azigonabe kukhitchini kapena?