13B pa E85: ma injekita ndi pampu yanji pofuna ma hosipawa 500?

FD_wofiira

Moni nonse muno. Ndili ndi Mazda RX-7 FD ya injini ya 13B-REW (rotary ya ma rotor awiri, yopanda ma pisitoni), ma turbo awiri aja inabwera nawo ndinachotsa ndikuikapo imodzi yaikulu, kompyuta ya injini ndi Haltech. Pano ndikufuna kusiya petulo ndiyambe E85 (mafuta osakaniza ethanol wambiri ndi petulo pang'ono) ndipo cholinga ndi ma hosipawa 500 pa matayala, boost yake (presha ya mpweya wochokera ku turbo) mwina 25psi. Ma injekita adakali omwe aja awiri a 550cc pa mphindi ku primary (ogwira ntchito nthawi zonse) ndi awiri a 850cc ku secondary (othandizira boost ikabwera), pampu mu thanki ndi Walbro 255 (malita 255 pa ola). Ndikudziwa kuti izi sizikwana koma ndikweze mpaka pati? Ena akuti 1050 ndi 1700 basi zatha, ena akuti ndigule 2600 anayi ndiiwale za nkhaniyi, ndye mutu wazungulira. Komanso pampu imodzi ya malita 450 pa ola ingakwane kapena ndiike ziwiri? Injiniyi yangomangidwa kumene sindikufuna kuitsegulanso. Thandizeni madala.

Madala_Wankel

Achimwene musayambire pa dzina la injekita, yambirani pa masamu. Rotary imamwa mafuta kuposa injini ya ma pisitoni ya mphamvu zofanana chifukwa chipinda chake choyakira moto ndi chachitali komanso chopyapyala, kutentha kwambiri kumathawira m'makoma, komanso tikamaitchuna pa boost timaipatsa dala mafuta ochuluka kuti izizire. Ndiye pamwamba pa zimenezo mwabweretsa ethanol. Petulo amapsa bwino pa 14.7 ya mpweya kwa 1 ya mafuta, E85 ndi cha m'ma 9.8 kwa 1, ndiye kuti mpweya womwewo ukufuna mafuta ochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo.

Tiyeni tiwerengere. 500 pa matayala ndi pafupifupi 580 pa injini. Pa rotary ya turbo pa E85 ine ndimagwiritsa BSFC (ma paundi a mafuta omwe hosipawa imodzi imadya pa ola) ya 0.85, ena amaika 0.9 kuti akhale ndi mpata. 580 kuchulukitsa ndi 0.85 ikutipatsa ma paundi 493 a mafuta pa ola, omwe ndi cha m'ma 4800cc pa mphindi, kapena malita pafupifupi 290 pa ola. Koma injekita siyenera kukhala yotsegula nthawi yonse, duty cycle (gawo la nthawi lomwe imakhala yotsegula) muisiye pa 80 peresenti, ndiye 4800 kugawa ndi 0.8 ndi 6000cc. Zomwe muli nazo pano zonse pamodzi ndi 2800cc, sizikufika ngakhale theka. Za 1050 ndi 1700 zija zikupanga 5500cc, zitha kukufikitsani pa 500 koma mudzakhala mukukanda pamwamba penipeni ndipo tsiku lomwe kunja kwazizira turbo ndikukoka mpweya wambiri mpata udzakhala utatha. Ine ndikadakhala inu ndikanaika 1050 ku primary ndi 2600 ku secondary, zonse 7300cc, ndipo mukadzafuna 600 simudzagulanso zina.

nyimbo_ya_brap

Madala anena zoona pa masamu, ine ndingowonjezera chifukwa chake 80 peresenti ija pa rotary si yoseweretsa. Pa injini ya ma pisitoni injekita imawaza kamodzi shafti ikazungulira kawiri, koma pa 13B rotor iliyonse imaphulitsa kamodzi pa kuzungulira kulikonse kwa eccentric shaft (shafti yaikulu ya rotary), ndiye pa 8000rpm injekita ili ndi 7.5ms yokha kuti itsegule, iwaze, itseke, ndipo pa nthawi yochepayo pafupifupi 1ms ikupita ku dead time, kanthawi komwe injekita imachedwa isanayambe kuwaza. Mpata ndi wochepa zedi. Ndipo rotary ikaperewera mafuta pa boost siichenjeza ayi, detonation (mafuta kuphulika okha mosalongosoka) ikangogunda apex seal (kachitsulo kotseka pa nsonga ya rotor) imasweka, zidutswa zake zikanda housing (chipinda chomwe rotor imazunguliramo) kenako zituluka ndi utsi kukaphwanya turbine, ntchito yonse ija kubwerera pa ziro.

Za 2600 anayi ine ndikukana aise. Ku primary ndi komwe injini imayendera ikakhala pa idle komanso mukamayenda pang'onopang'ono, injekita yaikulu choncho imatsegula kanthawi kochepetsetsa moti kuwaza kwake sikumafanana pakati pa rotor yakutsogolo ndi yakumbuyo, galimoto imangotsokomola. Staged injection anaipangira zimenezi, yaing'ono igwire ntchito ya pansi yaikulu ilowe boost ikabwera. Ndipo gulani ma injekita okhala ndi data yake yonse, dead time pa ma voti osiyanasiyana ndi presha zosiyanasiyana, ngati a Injector Dynamics kapena ena opangidwa pa Bosch EV14, zamkati zake zikhale zosachita dzimbiri poti ethanol amakoka chinyezi. Injekita yopanda data wotchuna amangolota.

FD_wofiira

Zikomo kwambiri madala, zamveka, 1050 ndi 2600 ndiye ndatenga. Nanga pampu? Ngati ndikufuna malita 290 pa ola mesa ya 450 ikukwana ndikutsalako?

Madala_Wankel

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Nambala yolembedwa pa pampu amayesera pa presha yotsika, cha m'ma 40psi, pomwe inu simudzakhala pamenepo. Titenge kuti base pressure (presha ya mafuta popanda boost) ndi 43.5psi, regulator (chowongolera presha ya mafuta) imakweza 1psi pa 1psi iliyonse ya boost kuti injekita izionabe kusiyana komweko, ndiye pa 25psi ya boost rail (paipi yomwe ma injekita amatengamo mafuta) ili pa 68.5psi, kuphatikiza zotayika mu sefa ndi m'mapaipi pampu ikukankha kuposa 70psi. Pamenepo mafuta omwe imatulutsa atsika kwambiri, pezani tchati chake muone pa 70psi osati pa 40, ndipo muonenso kuti tchaticho anayesera pa ma voti angati chifukwa 13.5 ndi 12 zimasiyana kutali. Walbro 450 imodzi ikhoza kukwana pa 500 ngati magetsi ali bwino koma mpata wake ndi wochepa, ine sindingagone tulo nayo pa injini yongomangidwa. Ikani ziwiri, yachiwiri iziyatsidwa ndi kompyuta boost ikafika pena pake, chifukwa zonse zikamayenda nthawi zonse zimangozungulitsa mafuta ndikuwatenthetsa, komanso regulator yaing'ono imalephera kubweza onsewo pa idle presha ndikukwera yokha.

Mawaya musawaiwale chonde. Pampu imeneyi pa presha yokwera imakoka ma ampu oyandikira 20, waya wa fakitale wa galimoto ya m'ma 1990 sanapangidwire zimenezo. Kokani waya wonenepa kuchokera ku batire, pampu iliyonse relay yake ndi fyuzi yake, ndipo polowera mu thanki mugwiritse cholumikizira chopirira ma ampu amenewo.

Chinthu chimodzi chomwe ndimaumiriza aliyense, ikani sensa ya presha ya mafuta ndikuilumikiza ku Haltech, muiuze kuti presha ikatsika poyerekeza ndi boost idule moto nthawi yomweyo. Ndi pampu ziwiri ndiye kwambiri, poti imodzi ikafa galimoto imayendabe bwinobwino inu osadziwa kanthu mpaka mutaponda.

mlongo_wa_13B

Achimwene palibe watchula za oilo ndiye ndilowepo. Rotary imafuna oilo m'chipinda choyakira kuti apex seal isakhulane ndi housing, ndi ntchito ya OMP (kapampu kodontheza oilo m'chipindamo) imeneyo, ndipo ethanol ndi wouma komanso mukuwaza wambiri moti amatsuka oilo uja m'makoma. Ngati mumathira premix (oilo wosakaniza ndi mafuta) mu thanki samalani, oilo wamba wa two stroke sasakanikirana bwino ndi ethanol, amalekana ndikukhala payekha, ndye pezani wolembedwa kuti ndi wa alcohol, wa castor kapena synthetic wopangidwira zimenezo. Kuti mukhulupirire thirani pang'ono mu botolo loonekera ndi E85 yanuyo, khutchumulani, musiye usiku wonse muone ngati walekana.

Sefa ya pepala chotsani, ethanol ndi chinyezi chake zimaifewetsa, ikani ya stainless ya 100 micron pampu isanakoke ndi ya microglass ya 10 micron kapena yocheperapo ma injekita asanalandire, ndipo masiku oyamba muziiyang'ana pafupipafupi coz ethanol amasungunula zinyalala zonse zomwe petulo anasiya mu thanki kwa zaka. Mapaipi a labala akale aja sinthani muike a PTFE. Ngati mudzapita nayo pa track surge tank (kathanki kakang'ono koonetsetsa kuti pampu isasowe mafuta) ndiyofunika, thanki ikatsika mafuta amathawira mbali imodzi pa kona pampu ndikumeza mpweya.

Komanso E85 si 85 nthawi zonse eti, ku America malamulo amalola kuyambira 51 mpaka 83 peresenti ya ethanol ndipo nyengo yozizira amaitsitsa dala kuti galimoto zizilira m'mawa. Mukatchuna pa 80 kenako ndikuthira ya 60 timing ija (kufulumira kwa moto wa ma pulagi) yakhala yambiri kwa mafuta amenewo. Ikani flex fuel sensor yoyeza kuchuluka kwa ethanol mu mafuta kuti kompyuta izisintha yokha mafuta, timing ndi boost.

FD_wofiira

Mlongo zikomo, OMP ikadalipo ndipo ikugwira ntchito ndiye ndiisiya ndizingowonjezera premix ya alcohol pamwamba. Mawa ndiyamba ndi kutsitsa thanki ndione mkati mwake muli bwanji ndisanaike ma pampu awiriwo. Funso lina madala, pampu yachiwiri iziyaka pa boost yanji, 5psi ili bwino kapena ndiyochedwa?