Mapu akale a midzi yomwe inamira ku Kariba

Muli bwanji nonse m'gulu lino? Ndimakhala ku Kabwata. Apongozi anga aamuna ndi Atonga, anasamutsidwa ali mwana mu 1958, nthawi yomanga damu la Kariba. Anthu pafupifupi 57,000 anachotsedwa tsidya lino ndi tsidya lina la Zambezi. Apongozi angawo anakawasiya ku Lusitu, kouma, kutali ndi minda ya m'mbali mwa mtsinje yomwe ankakolola kawiri pachaka. Pano akalamba, akufuna adzukulu adziwe pomwe panali mudzi ndi manda a makolo.

Ndafunsa achibale ku Siavonga, ndafufuzanso pa intaneti, koma mapu onse akungoonetsa nyanja basi. Kodi muno mu Lusaka ndingapeze kuti mapu akale a chigwa cha Gwembe, komwe kunali midziyo, kapena mndandanda wa midzi yosamutsidwa? Chonde ndithandizeni.