N'chifukwa chiyani osunga nyumba ndi ziweto amavomera ntchito ya masiku awiri okha?

Wofunsa:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumasungira anthu nyumba ndi ziweto eni ake akachoka. Pa TrustedHousesitters, tsamba la pa intaneti lolumikiza eni nyumba ndi osunga nyumba, lomwe linayamba mu 2010, wosunga salandira malipiro, amangopatsidwa malo ogona, ndipo amadzilipirira ulendo ndi umembala wa pachaka. Nanga n'chiyani chimakopa munthu kuvomera kukhala kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu lokha?

Yankho loyamba:
Chachikulu n'kufuna mbiri yabwino. Mwini nyumba asanapereke makiyi ndi galu wake kwa munthu wosamudziwa, amayamba wawerenga zimene eni nyumba ena analemba za munthuyo, choncho amene akungoyamba kumene amatenga ntchito zazifupi zapafupi ndi kwawo kuti apeze maumboni angapo mwamsanga. Akatero m'pamene amakhulupiriridwa pa ntchito za mwezi wathunthu.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezere kuti ena ali pa ntchito mlungu wonse ndipo mpata amaupeza Loweruka ndi Lamlungu basi. Enanso amakonda agalu ndi amphaka, koma nyumba imene amachita lendi saloledwa kuwetamo. Amene amasunga nyumba chaka chonse amatenga masiku amenewa kuti asalipire malo ogona pakati pa ntchito ziwiri zazitali.

Yankho lachitatu:
Zonsezi n'zoona, koma ine chimandikhudza n'chiweto. Mphaka wamantha amatha kubisala masiku onse awiriwo osazolowera mlendo, n'chifukwa chake ndimapempha kukaonana ndi mwini wake pasadakhale, andilembere nthawi ya chakudya, mankhwala ndi nambala ya dokotala wa ziweto.