Za malamulo a mfuti ku Virginia: mmene zinathera mu 2020

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ife eni mfuti kuno ku Virginia, m'dziko la America, tingatsutsire mabilu okhwimitsa malamulo. Ndinatsatira malangizo oti ndiyambire kumsonkhano wa khonsolo ya dera lathu. Holo inadzaza, ena kuima panja kukuzizira, ndipo khonsolo inavota kutiikira kumbuyo.

Pa 20 Januwale 2020 ndinali ku Richmond, likulu la Virginia, pachionetsero chotsutsa mabiluwo. Tinalipo pafupifupi 22,000, popanda chipolowe. Bilu yoletsa kugulitsa mfuti ngati AR-15 inaimitsidwa ndi komiti ya Senate, imodzi mwa nyumba za malamulo za Virginia, mu Febuluwale. Koma lamulo loti munthu azigula mfuti yam'manja imodzi yokha pamwezi linadutsa chaka chomwecho, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Mukafuna kuyankhula kukhonsolo, lembetsani dzina msanga. Mphindi zake n'zochepa, ndiye lemberanitu mawu anu papepala.