Kodi ndingathe kulemba kuti klorini ndiye anateteza mabanjawa ku kolera?

Akuluakulu a pagulu lino, makamaka inu amene mumachita kafukufuku wa matenda, ndikupempha nzeru. Ndikuphunzira za umoyo wa anthu, ndipo ndikulemba lipoti la kafukufuku amene ndinachita m'midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja pambuyo pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023. Ndinayendera makomo amene panali wodwala ndi makomo oyandikana nawo amene panalibe wodwala, njira imene imatchedwa case-control, ndipo ndinapeza kuti ambiri mwa amene sanadwale ankathira klorini m'madzi akumwa. Ndinalemba kuti klorini anawateteza. Aphunzitsi amene akundiyang'anira anakhwatcha mawuwo, n'kulemba m'mbali kuti ndangoonetsa kuti zinthu ziwirizi zikuyendera limodzi, koma sindinaonetse kuti china chikuchititsa chinzake.

Poyamba zinandiwawa, chifukwa palibe amene amatsutsa zoti klorini amapha tizilombo ta kolera. Koma nditabwerera m'makope anga ndinaona kuti makomo amene ankathira klorini ndi omwewonso amene anali ndi chimbudzi chovindikira, sopo pa mpondagiya, ndiponso ankatunga pa mjigo m'malo mwa kunyanja. Nanga chinawateteza n'chiti pa zonsezi?

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi khomo lina limene ndinapezako ndowa yotsukidwa bwino, yovindikira, botolo la klorini lili pambali pake. Ndinachonga kuti banjali limathira mankhwala. Ndikutsanzika, mayi a pakhomopo anati: "Tinayamba kuthira alangizi atabwera, mwana ali kale kuchipatala." Pakhomo limenelo matenda ndi amene anabweretsa klorini, ndipo funso loti anayamba liti sindinalifunse m'makomo onse.

Ndinawerenga za dokotala John Snow, amene pofufuza za kolera mu 1854 anayerekezera nyumba za ku London zolandira madzi a kampani ya Lambeth, yotunga kumtunda kwa mtsinje wa Thames, ndi za kampani ya Southwark and Vauxhall, yotunga pamalo pamene madzi anali ataipa ndi zonyansa za mumzinda. Iye anali ndi mwayi woti makampani awiriwa ankagawa madzi m'misewu imodzimodzi, kwa olemera ndi osauka omwe. Ine mwayi wotero ndilibe. Ndichite chiyani kuti zimene ndasonkhanitsa zinene zoona?

Yankho loyamba:

Aphunzitsi anu akukufunirani zabwino. Vuto la chimbudzi ndi mjigo ndi limene timalitcha confounding, kutanthauza kuti pali chinthu china chimene chikuyendera limodzi ndi klorini chimenenso chingakhale chikuteteza mabanjawo. Musanakhudze kompyuta, tengani pepala mujambule mivi yosonyeza chimene mukukhulupirira kuti chimatsogolera ku chinzake: chuma cha banja chimakhudza kugula sopo, kukumba chimbudzi ndi kuthira klorini, kuchezeredwa ndi alangizi kumakhudzanso zonsezi. Chithunzi chimenechi, chimene chimatchedwa DAG, n'chimene chikuuzeni zoyenera kuziganizira powerengera. Mukatero, yerekezerani makomo ofanana, a mjigo okhaokha, a kunyanja okhaokha, muone ngati kusiyana kuja kukadalipo.

Za mayi aja n'zazikulu kuposa zonse. Austin Bradford Hill, amene pamodzi ndi Richard Doll anafalitsa mu 1950 kafukufuku wokhudza fodya ndi khansa ya m'mapapo, anapereka mfundo zisanu ndi zinayi mu 1965 zothandiza kulingalira za choyambitsa matenda. Mwiniwakeyo anachenjeza kuti mfundozo si malamulo ongochonga. Komabe imodzi singalumphidwe: choyambitsa chiyenera kubwera matenda asanayambe.

Yankho lachiwiri:

Ndiwonjezere chenjezo lochokera kwathu konkuno. Kwa zaka zambiri kafukufuku wongoyang'ana ankasonyeza kuti utsi wa nkhuni umayendera limodzi ndi chibayo cha ana. Koma pamene ofufuza anagawa mwa maere mbaula zotulutsa utsi wochepa m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Karonga, zotsatira zimene zinatuluka m'magazini ya The Lancet sizinaonetse kuti chibayo chinachepa mwa ana osapitirira zaka zisanu. Izi sizikutanthauza kuti utsi ndi wabwino. Zikutanthauza kuti chinthu chomveka m'mutu chikhoza kukanika kuoneka chikayesedwa pakati pa anthu. Ganiziraninso zoti munthu amene wafunsidwa ndi mlendo wa zaumoyo amakonda kuyankha kuti amathira klorini ngakhale botolo linatha kalekale. Ulendo wina mudzayeze madzi a m'ndowa momwemo.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza. Ndabwereka njinga kuti ndibwerere kumakomo kuja ndikafunse za nthawi imene anayamba kuthira. Nkhawa yanga ndi yoti papita miyezi yambiri, ndipo mabanja amene anataya munthu adzakumbukira masikuwo bwino kwambiri kuposa amene sanadwale. Kodi pamenepa ndidalire zimene anthu andiuze, kapena ndipemphe makaundula a alangizi osonyeza tsiku limene anagawa klorini m'mudzi uliwonse?