Ndibiseni dzina: anandigwiririra ndili mwana, pano ndili ndi zaka 36, thandizo ndingalipeze kuti?

Wobisa dzina:
A admin, ndibiseni dzina chonde. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni, ndimagulitsa kaunjika mu Limbe. Ndili Sitandade 4 mayi anga ananditumiza kwa amalume kuti ndizikaphunzira m'tauni. Amalumewo ankandigwiririra mpaka ndinalemba mayeso a Sitandade 8. Nditawauza mayi anandiyankha kuti nditseke pakamwa, amenewo ndi amene akutidyetsa. Ndinatsekadi.

Ndinakwatiwa, ndinabereka, ndinkayesa kuti zinapita. Chaka chino mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 9, msinkhu womwe ndinali nawo ine, ndiye zonse zadzuka. Usiku ndimadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Tsiku lina mu minibasi ya ku Limbe bambo wina amene ndinakhala naye pafupi ankanunkhira sopo yemwe amalumewo ankasambira, ndinatsikira pa Ginnery Corner miyendo ikunjenjemera, ndalama ya chenji osatenga. Bambo a kunyumba akandikhudza ndili mtulo ndimakuwa, moti ayamba kundiganizira kuti ndili ndi chibwenzi. Sadziwa kanthu.

Tsono mwezi wa mawa kuli chiliza cha agogo kumudzi. Amalumewo ndiwo mwini mbumba, ndipo mayi akuti ana atsogole akakhale sabata yonse. Ndichite bwanji? Kodi munthu wamkulu ngati ine, nkhani yake yakalekale chonchi, kuchipatala angandimvere? Nanga bambo a kunyumba ndiwauze?

Anaphiri a ku Ndirande:
Zina zonsezo tikambirana, koma ana asatsogole. Musawatumize. Nenani kuti ali ndi maphunziro apadera, nenani kuti akudwala, nenani chilichonse. Mukapita, pitani nawo m'mawa, madzulo mubwerere nawo limodzi. Munthu wotere sasiya chifukwa choti wamera imvi.

Mai Busa:
Mwana wanga, khululuka, uiwale. Zakale zisakuphwasulire banja. Pemphera, Mulungu achotsa zonse.

Nachisale:
Mai Busa, ndi ulemu wonse, kupemphera inde, koma mawu akuti "uiwale" ndi amene atipweteka ambirife. Mayiyu wakhala akuyesa kuiwala zaka zoposa makumi awiri. Thupi ndi limene likukana. Munthu wa malungo timamupempherera ndithu, koma LA timamupatsanso.

Namwino wopuma:
Achemwali, poyamba dziwani kuti simukupenga. Kudzidzimuka usiku, fungo kukubwezerani kumbuyo, kuopa kukhudzidwa, zonsezi ndi zizindikiro zodziwika bwino kwa munthu amene anadutsa m'zoopsa. Ubongo wa mwana umasunga chiopsezocho osachimaliza, ndiye chinthu chofanana nacho chikangotulukira, thupi limachita ngati ngoziyo ikuchitika pompano. N'chifukwa chake amayi ambiri zimawabwerera akakhala ndi pakati, akabereka, kapena mwana wawo akafika msinkhu womwewo. Inu si woyamba.

Kopita kulipo. Ku Queens kuli One Stop Centre, ena amati Chikwanekwane. Kumeneko achipatala, apolisi, a zachisamaliro cha anthu ndi aphungu ali pamalo amodzi, kuti munthu asamazungulire maofesi akubwereza nkhani yowawa. Anthu ambiri amamva za maola 72 n'kuganiza kuti akachedwa basi zatha. Maola 72 amenewo ndi a mankhwala oteteza ku HIV, a PEP aja. Uphungu ulibe tsiku lothera. Ku Queens komweko kuli kiliniki ya matenda a maganizo, imene anthu amangoitchula kuti Room 6. Musaope dzinalo, kupita kumeneko sikutanthauza kuti akutumizani ku Zomba Mental. Ambiri amaonana ndi dokotala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Tengani buku lanu la kuchipatala, mulawirire.

Ngati miyendo ikulemera, yambani ndi foni. 5600 ndi nambala yaulere ya nkhani za nkhanza, 116 ndi ya ana. Simukakamizidwa kufotokoza zonse tsiku loyamba. Mungathe kungonena kuti "zinandichitikira ndili mwana, sindikugona", mphungu wodziwa ntchito ayambira pomwepo.

Che Bulaki:
Koma nkhani za m'banja kuzibweretsa pagulu ngati pano? Kuli ankhoswe, kuli akuluakulu.

Anaphiri a ku Ndirande:
Che Bulaki, mwawerenga bwino? Wamkulu wa banjalo ndi mwini mlandu. Akadandaule kwa ndani, kwa fisi yemweyo?

Wina wobisa dzina:
Ine anali bambo ondipeza. Ndinayamba uphungu nditabereka mwana wachiwiri. Ndikuuzeni zoona, masabata oyamba zinthu zinaipiratu, ndinkabwerako mutu ukuwawa, nsima osailawa. Ndinatsala pang'ono kusiya. Chimene chinandigwira ndi kanthu kakang'ono kamene anandiphunzitsa: zikayamba kubwera, ndiponde pansi mwamphamvu, nditchule zinthu zisanu zimene ndikuziona, mbaula, ndowa, chitseko, chilichonse, kenako ndinene chaka chimene tili ndi zaka zanga. Poyamba ndinkaona ngati zachibwana. Pano ndimachita ngakhale pamzere wa ku banki, palibe amadziwa.

Za amuna anu, inu ndi amene mukuwadziwa. Ine sindinawauze usiku kuchipinda ayi. Ndinawauza masana, titakhala pakhonde, mchemwali wanga ali pafupi. Ndinangonena kuti ndinachitidwa nkhanza ndili mwana, ndipo ndikakuwa si chifukwa cha iwo. Dzina la munthuyo ndinawauza patapita nthawi, chifukwa ndinkaopa kuti atenga chikwanje. Anakhala chete masiku angapo, kenako anayamba kundidzutsa ndi mawu asanandikhudze. Koma ngati anu ali ndi dzanja lopepuka kapena amaulula zinsinsi akamwa, yambani mwaonana ndi mphungu, mukonze naye kanenedwe kake.

Mayi anga mpaka lero amati sizinachitike. Ndinasiya kudikira kuti avomere.

Mlongo wanu wa ku Bangwe:
Ndine bambo, ndiyankhuleko pang'ono. Amuna anu panopa akudzaza okha mpatawo ndi nkhani ya chibwenzi, ndipo imeneyo ikhoza kukula. Ngakhale simunakonzeke kunena zonse, auzeni kuti pali chimene chikukuvutitsani chochokera ku ubwana ndipo mukufuna thandizo. Za mlandu, mukadzafuna, pa polisi pali Victim Support Unit, ndipo a Legal Aid Bureau kapena a WOLREC, bungwe lothandiza amayi pa za malamulo, angakuuzeni mmene malamulo alili pa nkhani yakale. Koma wina asakukankheni, chisankho n'chanu. Funso langa ndi lakuti, pakhomo pa amalumewo pali ana ena panopa? Ngati alipo, 116 ija ndi yawo.

Wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga ndikulira. Alongo a ku Bangwe, funso lanu landibaya. Pali kamtsikana ka msuweni wanga, kali Sitandade 5, kakukhala pomwepo. Sindinakaganizireko n'komwe. Mayi ndawaimbira kuti ana satsogola, akwiya, andidulira foni. Lolemba sindikatsegula benchi, ndipita ku Queens. Amene munapitako, pakhomo paja amayamba afunsa chiyani? Ndingathe kupempha kuti ndionane ndi mphungu wamkazi?